Dzuwa Logula ku Limbe

Kankhirani chikuni icho pamoto, ndipo inu mwakhala kumphepetenu senderani kuno. Nkhani iyi samvera uli wekha kumdima.

Kumapiri a ku Thyolo, pa esiteti ina ya tiyi imene dzina lake sinditchula, kunali mayi wina wothyola tiyi, dzina lake Eneresi. Mayiyu anafika pomera imvi asanagwirepo wotchi. Akanaifuniranji? Wotchi yake inali mwamuna wake, a Mulepa, mlonda wa usiku pageti pamene ankasungirapo nkhuni za fakitale. Kum'mawa kukayera, mlonda wa masana akafika n'kuwalandira chibonga, a Mulepa ankakwera kanjira ka m'tiyi kubwerera kunyumba. Akafika pakhonde ankagogoda jombo pasitepe kuti matope agwe, n'kutsokomola kawiri, kenako n'kunena mawu awo a masiku onse: "Mai a Yotamu, kwacha." Eneresi ankadzuka, kuwatenthetsera madzi, kuwapangira tiyi, iye n'kubereka dengu ulendo kumunda. Banja lawo linali lokumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, koma ankakondana kuposa ambiri amene amafunda bulangete limodzi usiku wonse.

Ana awo onse anatsogola ali makanda, kupatula mmodzi, Yotamu, amene panthawiyi anali atamera kale ndevu ndipo ankadikira kuitanidwa kusukulu ya zamagetsi ku Blantyre. Za mwana ameneyu a Mulepa sankafuna zocheza. Kapitawo wa alonda atawauza kuti pali malo a mnyamata wamphamvu, iwo anayankha kuti, "Mwana wanga sadzagwira chibonga. Usiku ndaulondera ndekha, wanga ndi wake womwe." Mawu amenewa ankawanena ngakhale osafunsidwa, mpaka anzawo anatopa nawo.

Chaka chimenecho chiperoni chinabwera ndi ukali. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala masiku osachoka, kamvula kowaza kosaleka, dzuwa osaoneka ngakhale masana. M'mawa wina mlonda wa masana anachedwa, akuti anali atagonera kachasu. Amene anafika pageti anali anthu a thalakitala yotenga nkhuni. Anapeza a Mulepa atakhala pampando wawo m'kanyumba ka mlonda, chijasi atamanga mpaka m'khosi, mbaula itazima, chibonga chili pamiyendo. Maso anali chipenyere, akuyang'ana njira imene wowalandira ankadzera. Galimoto ya kampani inabwera mofulumira n'kutenga thupi. Chibonga anachita kukanganula m'manja, n'kuchitsamiritsa pakona. Kuchokera tsiku limenelo alonda ena anakana kukhala m'kanyumbako, anadzimangira kachisakasa kutsidya kwa msewu.

Maliro atatha, Eneresi anagwa m'vuto limene sanaliyembekezere: tulo. Usiku ankangotembenuka, tulo n'kudzamugwira m'bandakucha, ndipo popanda wogogoda jombo pasitepe ankadzidzimuka anzake atadzaza kale madengu. Yotamu anayesa kumutcherera foni, koma kulira kwa foni kunkangolowa m'maloto ake n'kusanduka nyimbo za pamaliro. Kapitawo wa kumunda anapirira, kenako anatopa. Anamuitanira pambali n'kumukumbutsa kuti nyumba imene akukhalamo ndi ya esiteti, ndipo esiteti sisunga ogona.

Choncho Loweruka lina Eneresi anakwera minibasi kupita ku Limbe kukafuna wotchi ya belu laukali. Mukudziwa mmene zimakhalira ku Limbe: umapita kukagula singano, umabwerako ndi mpando. Pafupi ndi msika anapeza venda atayala katundu wakale wochokera kunja, maketulo, mawailesi, zidole zopanda mikono. Pakati pake panali chinthu chozungulira, choyera, chachikulu ngati mbale yodyera.

"Mami, diso lanu ndi lakuthwa," anatero vendayo. "Chimenecho si mbale. Ndi dzuwa."

"Iwe, usandiseke. Ndine kholo lako ine."

"Ayi mami, zenizeni. Kwa azunguko kumatha miyezi dzuwa osatuluka, ndiye anangopanga lawo. Ndi wotchi imeneyi. Mukaitchera nthawi, kumacha m'chipinda mwanu pang'onopang'ono, mbalame n'kumalira. Palibe zodzidzimuka ngati belu. Mumangodzuka ngati wakudzutsani ndi munthu wokukondani."

Mawu omalizawo ndi amene anamukopa Eneresi. Vendayo analumikiza chingwe mushopu ya mnzake, anavundikira wotchiyo ndi katoni, n'kumuuza kuti asuzumire pakabowo. M'katonimo munali mdima. Kenako kunayamba kufiira pansi, ngati mmene kumachitira kuseri kwa phiri la Mulanje, kufiirako n'kusanduka chikasu, chikasu n'kuyera. Eneresi anali atatha milungu osaona dzuwa likutuluka, ndipo misozi inangolengeza yokha.

"Nanga mwini wake anaitayiranji, chinthu chokongola chotere?"

"Za m'belo la kaunjika sitifunsa, mami," anayankha mnyamatayo, akukulunga kale m'nyuzipepala.

Kunyumba Yotamu anaseka mpaka kugwira m'mimba, kuti amayi ake agula dzuwa ngati tomato. Koma anaitchera bwinobwino, n'kuiika pawindo la kuchipinda kwa amayi ake, chifukwa ndi pomwe panali soketi. Windo limenelo linkayang'ana kumunsi, kuchigwa, kumene kunali geti ya nkhuni ija. Palibe amene anaganizapo za zimenezo. Atatha, Yotamu anakagona kukachipinda kake kakuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake Eneresi anadzuka mofewa, zimene anali asanachitepo chimwalirire a Mulepa. Chipinda chonse chinali chitafiira mokoma, makoma akuyera pang'onopang'ono, timbalame tachilendo tikulira m'kati mwa wotchi. Kunja kunali kukadali bii, koma tambala wa a Nangondo, oyandikana nawo nyumba, ananamizika n'kuyamba kulira. Eneresi anaseka yekha. Atatsegula chitseko kuti akatunge madzi, phazi lake linaponda kanthu kozizira. Pasitepe panali zibuma za matope ofiira, zokhala ndi mizeremizere ya kunsi kwa jombo. Anazisesa, akung'ung'udza za anthu oyenda m'makonde a eni.

Tsiku lotsatira matope analiponso. Tsiku linanso, kapu yachitsulo ya a Mulepa, imene iye anaitsuka n'kuibisa pansi pa dengu la ziwiya, anaipeza pakhonde, pamalo pamene mwini wake ankaisiya. Pakhondepo pankanunkha utsi wa makala ndi nsalu yonyowa. Agalu a pamdadada wonse wa nyumba, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, m'bandakucha ankangoti zii. Kumunda, amayi ochokera kutsidya kwa mtsinje, amene amalawira kwambiri, anayamba kunong'onezana za munthu wa chijasi amene ankakumana naye akukwera kanjira ka m'tiyi. Ankati ndi munthu waulemu, amapatukira m'tiyi kuti iwo adutse, koma moni sayankha, ndipo nkhope amatembenuzira kumbali. Eneresi akayandikira, nkhaniyo inkasanduka ya mitengo ya sopo.

Kenako anamva yekha. Wotchi itangoyamba kufiira, kunja kunamveka mapazi olemera akukwera kuchokera kumunsi. Anaima pakhonde. Go! Go! Jombo pasitepe. Kenako kutsokomola kawiri, kouma, kwa munthu amene wapuma utsi wa mbaula zaka zambiri. Eneresi anauma pabedi, akudikira mawu otsatira. Sanabwere. Wapakhondeyo anangokhala pansi, benchi n'kulira monga linkalirira kale. Kunja kutayamba kuyera kwenikweni, mapazi aja anadzuka n'kutsetserekera kumunsi.

Apa ena mwa inu munganene kuti akanathamangira kwa abusa, kapena kuponya wotchiyo mumtsinje. Kunena n'kosavuta. Mantha anali nawo, inde, koma mantha anatha msanga, chimene sichinathe ndi kusungulumwa. Mkazi amene wadzutsidwa ndi mawu amodzi kuyambira utsikana wake, mukuganiza kuti mapazi amenewo angawathamangitse? Madzulo ake Eneresi anasiya tiyi pakhonde m'kapu yachitsulo ija. M'mawa anapeza kapu ili mbee, yozizira mpaka kuwawa m'zala.

Anayamba kudzuka wotchi ikangofiira, n'kukakhala pansi kuseri kwa chitseko, msana atatsamira thabwa. Kuseri kwinako ankamva munthu akupuma. Kutsegula sankayerekeza, koma ankalankhula. Ankawauza a Mulepa za kapitawo, za denga lodontha, za kalata ya sukulu ya Yotamu imene inali isanabwerebe. Yankho panalibe, komabe ankadziwa kuti akumvedwa, monga mkazi amadziwira. Chimene chinkamupweteka n'chakuti nthawi inkachepa. Asanamalize nkhani, kunja kunkayera, mapazi n'kumapita.

Ndiye anachita chimene mtima unamutuma. Anamufunsa Yotamu kuti amuonetse mabatani, akuti akufuna azidzuka msangako kuti aziphikiratu. Ataphunzira, anayamba kubweza m'bandakucha wake. Lero pang'ono, mawa pang'ono. Dzuwa la pawindo linayamba kutuluka anthu akadali pakati pa tulo, ndipo mapazi ankabwera nthawi yomweyo, osachedwa. Tambala wa a Nangondo uja anafika polira pakati pa usiku, ndipo a Nangondo anamudula khosi m'mawa mwake, akuti ndi malodza. Anagula wina, nayenso analowa mumphika sabata isanathe.

"Anzanga, chinyali chanucho chitithera nkhuku," anatero a Nangondo pampopi, akuseka koma maso osaseka. "Dzuwa ndi la Mulungu. Enafe timaopa kulitsogolera."

Eneresi anangoyankha kuti aliyense ali ndi pomuyabwa. Masiku amenewo nkhope yake inali itayambanso kuwala, ndipo kuntchito ankafika woyamba.

Amene ankafota anali Yotamu. Mnyamata amene ankadzuka ndi nyimbo anayamba kudzuka dzuwa lili pamutu, maso ali psuu, tsitsi litanyowa ngati wagona panja. Kumapazi kwake kunkakhala matope ofiira, m'miyendo muli zokalika za nthambi za tiyi. Chakudya ankangochitosatosa. Ankakhala padzuwa, likapezeka, atafunda bulangete, n'kumanjenjemerabe.

"Iwe, ndi mwana wa yani amene akukuyendetsa usiku?" anamufunsa amayi ake tsiku lina. "Ukapereka mimba, sukulu ija uiiwale."

"Amayi, ine sindituluka. Ndikagona ndagona."

"Nanga matopewa akukutsata pamphasa?"

Yotamu anayang'ana mapazi ake ngati ndi a munthu wina. "Kaya. Ndimangolota ndili pamalo pozizira, ndikudikira munthu. Sindidziwa kuti ndani, koma ndimadziwa kuti sindingachoke asanafike." Atatero anatsokomola kawiri, kouma. Eneresi anakuzindikira kutsokomolako, koma anadziuza kuti ndi chimfine cha chiperoni, n'kumuwiritsira masamba a bulugama.

Lamlungu masana kunabwera a Thombozi, mlonda wachikulire amene anagwira ntchito ndi a Mulepa zaka zambiri, amene tsopano ankalondera m'kachisakasa kakutsidya kwa msewu kaja. Anakana kulowa m'nyumba, anakananso kukhala pabenchi la pakhonde. Anakhala pamwala pabwalo, chipewa akuchipotapota m'manja.

"Mlamu, ndalimbana nawo mtima masiku ambiri," anayamba motero. "Mwana wanu ndimamuona usiku."

"Kuti, alamu?"

"M'kanyumba ka malemu. Windo lanu likangofiira kumtunda kuno, ndimaona awiri akudutsana pakanjira. Wachijasi akukwera, mnyamata akutsika, wopanda nsapato. Amalowa m'kanyumba, amatenga chibonga pakona, amakhala pampando. Ndamuitanapo dzina, sacheuka. Poyamba ankangokhala kanthawi kochepa kusanache. Masiku ano akukhala pafupifupi usiku wonse."

A Thombozi anapitiriza, maso ali pansi.

"Ntchito yathu ili ndi lamulo limene mabwana salidziwa. Mlonda sachoka pampando asanalandiridwe. Mnzathu akafera pantchito, thupi lisananyamulidwe, mmodzi wa ife amagwira chibonga chake n'kumuuza kuti, 'Ndakulandirani, pitani kwanu.' Tsiku lija galimoto inafika ife tisanamve n'komwe. Amuna anu sanalandiridwe, mlamu. Akudikirabe. Ndiye akaona kwayera kunyumba kwawo, mtima umawakoka, amakwera. Koma mpando sukhala wopanda munthu. Umaitana magazi awo."

"Iwo akudziwa kuti ndi Yotamu?"

"Sindikhulupirira. Mumdima, m'nkhungu, munthu wotopa amangoona kuti wina wabwera. Nkhope sayang'ana."

"Ndiye tiyeni, alamu! Tiyeni mukanene mawuwo lero lomwe!"

A Thombozi anapukusa mutu. "Nthawi yake inali thupi lisananyamulidwe. Wolandira munthu amene ali kale m'manda walandira usiku wake, ndipo usiku umenewo sucha. Ine ndili ndi zidzukulu, mlamu. Mundikhululukire." Anavala chipewa n'kudzuka. Atayenda pang'ono anatembenuka. "Zimitsani chinthucho. Tsiku limene amuna anu adzavule jombo m'nyumba, mwanayo sadzadzukanso pampando paja."

Eneresi anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Usiku uliwonse umene iye ankasangalala kuseri kwa chitseko, mwana wake mmodzi yekhayo anali atakhala pampando wa wakufa, wopanda nsapato, m'chisanu. Ndipo amene ankatalikitsa usikuwo anali iye mwini, ndi chala chake, pabatani. Analira mopanda mawu, kuopa kuti Yotamu angamve. Walira mvula walira matope, akulu anatero, koma matope ena amalemera kuposa mwambi.

Dzuwa lisanalowe anazula chingwe cha wotchi, anaikulunga m'chitenje, n'kuikankhira pansi pa bedi. Yotamu atagona, anapita kukachipinda kake n'kumanga chitseko ndi waya chakunja, kupota mpaka zala kutuluka magazi. Kenako anakagona chagada, maso ali tong'o, akupempha kuti usikuwo ungodutsa.

Anthu anali asanagone n'komwe kwenikweni, wailesi ya a Nangondo inali itangozima kumene, pamene pansi pa bedi panayamba kufiira. Kuwalako kunadutsa m'chitenje, kunakwawa pansi, kunakwera m'makoma. Timbalame tachilendo tija tinayamba kulira. Chingwe chinali chili pakhoma, chikulendewera chokha.

Mapazi anabwera. Go! Go! Kutsokomola kawiri. Koma ulendo uno benchi silinalire. Chitseko, chimene iye anachikhoma ndi mpiringidzo, chinatseguka mwakachetechete monga chimatsegukira kwa mwini nyumba. Fungo la makala ndi nsalu yonyowa linadzaza chipinda. Eneresi anatsinzina. Anamva matiresi akutsika kumiyendo kwake, munthu wolemera atakhala pamphepete pa bedi. Kenako kunamveka kuusa moyo kwakutali, kwa munthu amene wayenda ulendo wonse ndipo wafika. Anthu inu, kuusa moyo kumeneko kunamusungunula mtima Eneresi. Anafuna kungotambasula dzanja, kuwauza kuti gonani, mwavutika mokwanira.

Phi! Jombo imodzi inagwa pansi.

Eneresi analumpha ngati waponda moto. Sanayang'ane kubedi. Anafuula chakukhoma: "Bambo a Yotamu, amene wakhala pampando wanu ndi mwana wanu! Yotamu wagwira chibonga!" Atatero anatuluka liwiro. Kuseri kwa nyumba chitseko cha Yotamu chinali pululu, waya uja atamasulidwa bwinobwino n'kukolekedwa pamsomali.

Anatsetsereka m'tiyi wopanda nsapato, nthambi zikumukwapula, nkhungu ikumulowa m'kamwa. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Pofika pageti anaona kamoto ka a Thombozi kutsidya kwa msewu, koma a Thomboziwo anali atafunda kumutu, safuna kuona. M'kanyumba kaja Yotamu anali atakhala pampando, chibonga chili pamiyendo. Mame anali atadzaza m'nsidze zake. Maso anali chipenyere, akuyang'ana njira. Eneresi anamugwira tsaya, linali ngati mwala wa mumtsinje. Anamugwedeza, anamuitana maina onse mpaka la ukhanda, koma mnyamatayo sanaphethire. Mpweya wake unkatuluka pang'ono kwambiri, kaulusi chabe.

Mawu a a Thombozi anali akumveka m'mutu mwake, onse, ndi za usiku wosacha zomwe. Sanaganize nthawi yaitali. Anagwira chibonga ndi manja awiri.

"Ndakulandira, mwana wanga. Pita kwanu."

Zala za Yotamu zinamasuka. Anadzuka ngati munthu wa m'tulo, anamulambalala mayi wake osamuona, n'kuyamba kukwera kanjira. Eneresi anamvetsera mapazi ake mpaka anazimirira. Kenako miyendo yake inapinda yokha, n'kupezeka wakhala pampando.

Kuzizira kunayambira kuzala zakumapazi. Kunakwera m'maondo, m'chiuno, kunafika m'nthiti. Anayesa kuphethira, zikope zinakana. Khosi linatembenukira lokha kunjira, ndipo mumtima mwake munalowa chinthu chimodzi chokha, kudikira. Anazindikira kuti mwamuna wake anakhala chonchi kuyambira tsiku lija, ndipo anamumvera chisoni chimene sanamumvere ngakhale pamanda. Kumtunda, pakati pa mdima wonsewo, ankaona windo la nyumba yake likuyaka ngati masana. Anaganiza kuti bola tero, mwana akagona, bambo ake apuma, zatha.

Kenako windo lija linazima.

Panapita nthawi. Nkhungu inali ikudontha kudenga la kanyumba. Ndiye kumtunda kunamveka mapazi akutsika, osafulumira, osazengereza. Kuyenda kwake kunali kwachilendo: phazi lina likugunda ndi jombo, lina likungoti tapu, tapu pamatope. Anafika pakhomo pa kanyumba n'kuima. Eneresi sanathe kukweza maso. Anangoona m'munsi mwa chijasi mukudontha madzi, jombo imodzi, ndi phazi limodzi losavala. Dzanja linagwira kumutu kwa chibonga.

Eneresi anakakamira. Mawu anatuluka movutika, milomo itauma. "Ayi, bambo a Yotamu. Bwererani. Mwangofika kumene kunyumba, simunapume n'komwe. Ndikhala ine."

Dzanja lija linakoka, osati mwaukali, koma monga munthu amalandira katundu pamutu pa mkazi wake. Ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire, a Mulepa analankhula, ndi mawu awo omwe aja, otsika, okhala ngati ali ndi mchenga.

"Lija si dzuwa, mai a Yotamu. Ndinazindikira kuyambira tsiku loyamba. Kungoti ndinakusowani." Anatsokomola kawiri. "Ndakulandirani. Pitani kwa mwana."

Chibonga chinachoka m'manja mwake. Kutentha kunabwerera m'thupi ndi ululu ngati wa minga, ndipo Eneresi anapezeka ali panja, atagwada m'matope. Kumbuyo kwake mpando unalira, munthu atakhalapo. Anafuna kucheuka, koma anadziwa kuti akacheuka sachoka. Anakwera kanjira akulira mokweza, kulira kumene sanalire tsiku la maliro, mpaka agalu onse a pamdadada anayamba kuuwa.

Atafika anamupeza Yotamu pamphasa pake akuliza mkonono, thupi likutentha bwino. Kuchipinda kwa Eneresi wotchi ija inali pakati pa chipinda, chitenje chitayalulidwa, galasi lake litaphwanyidwa pakati ndi chidendene cha jombo. Pambali pa bedi panali jombo imodzi yakumanzere, yonyowa, yodzaza matope ofiira. Mwini wake anangonyamuka kubwerera osaivala.

Mwezi wotsatira kalata ija inabwera, ndipo Yotamu anapita ku Blantyre. Lero ndi munthu wamkulu, amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, ndipo za usiku umenewo sakumbuka kanthu. Amangodabwa kuti zala zake zakumapazi sizifunda ngakhale mu Okutobala. Chibonga sanachigwirenso.

Eneresi sanachedwenso kuntchito, ngakhale analibe wotchi. Ankadzuka yekha kusanache, n'kukhala pabedi kumvetsera pasitepe, podziwa kuti sipamveka kanthu. Jombo ija anaitsuka, anaipaka mafuta, n'kukaisiya pakhomo pa kanyumba, ndipo m'mawa mwake sinalipo. Masiku onse amene anakhala pa esitetipo, popita kumunda ankazungulira njira yaitali yodzera pageti. Kum'mawa kukayera ndithu, kuyera kwa Mulungu, ankaima pakhomo pa kanyumbako, dengu lili kumsana, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo a Yotamu, kwacha." M'katimo munkamveka kutsokomola kawiri. Koma kutuluka sankatuluka, chifukwa wowalandira anali asanabwere.

Sanabwerebe mpaka lero. Ndiye mukadzadutsa kumeneko nthawi ya chiperoni, munthu wachijasi n'kukutambasulirani chibonga pakhomo pa kanyumba kakugwa, mupatseni moni mwaulemu, ndi munthu wabwino. Koma manja anu akhale m'thumba.